Chingwe Chiyambe Chawongoka Kumbuyo

Achinyamata anzanga ndi akhristu nonse a m'parishi yathu, sabata ino ndikufuna ndikwere nanu pamwamba pa phiri la Zomba, kumene mbedza ya nthenga idandipulumutsa ku ngongole ya katapila.

M'chaka cha 2015 ndidachoka ku seminale ndisanamalize maphunziro. Palibe amene adandichotsa. Ndidasankha ndekha nditalingalira kwa nthawi yaitali. Koma kumudzi kwathu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, anthu adali atayamba kale kunditchula kuti "abambo", ndipo manyazi adandigwira kotero kuti ndidabindikira m'nyumba miyezi iwiri. Kenaka ndidapangana ndi mkulu wina wokongoza ndalama kuti andipatse ya basi yopita ku Johannesburg. Kumeneko ndidalibe mbale, ndidalibenso ntchito yondiyembekeza. Chimene ndinkafuna ndi kuthawa maso a anthu basi.

Atsibweni anga, amene adagulitsapo mbuzi zawo kuti ine ndiphunzire, adamva za ulendowu kuchokera kwa amayi. Ndinkayembekeza kuti aitanitsa mbumba yonse kuti andizenge mlandu. M'malo mwake adangoti, "Mphwanga, mawa ulawire, ukandinyamulire chikwama kuphiri."

Pa unyamata wawo atsibweniwo ankaperekeza alendo okawedza nsomba za trout m'madamu ndi m'mitsinje ya paphiripo, ndipo mlendo wina adawasiyira ndodo yake yowedzera. Trout si nsomba ya kwathu kuno. Mtundu umene uli m'Malawi, wa mathothomathotho akuda ndi mzere wofiirira m'nthiti, kwawo kwenikweni ndi m'mitsinje ya kumadzulo kwa North America ndi madera ena ozungulira kumpoto kwa nyanja ya Pacific. Atsamunda ndiwo adabwera nayo kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Imafuna madzi ozizira ndi oyera, okhala ndi mpweya wambiri, n'chifukwa chake idakhazikika m'malo okwera okha monga Zomba, Mulanje ndi Nyika. M'madzi ofunda a Chilwa, mmene matemba ndi milamba zimasangalala, trout singakhalitse.

Tidafika padamu lina laling'ono, lozunguliridwa ndi mitengo ya paini, dzuwa litapendeka. Atsibweni adali atalipira kale chilolezo. Ine ndidafunsa kumene tikakumbe nyongolotsi, iwo n'kuseka. Adatsekula kabokosi momwe mudali timbedza ting'onoting'ono, tomangiriridwa nthenga za nkhuku ndi ulusi kuti tifanane ndi tizilombo touluka. Adandifotokozera kuti ina mwa nyambozi imayandama pamwamba ngati kachilombo kotera pamadzi, pamene ina imamira ngati mphutsi imene sinamere mapiko. Koma sadamange nyambo iliyonse. Adakhala pansi n'kumangoyang'ana madzi, mpaka pamene timagulu ta tizilombo tidayamba kuwuluka ndipo timizere tozungulira tidayamba kuoneka apa ndi apo pamene nsomba zinkadya. Adagwira kachilombo kamodzi m'manja, n'kusankha nthenga yofanana nako msinkhu ndi mtundu.

Kuponya kwake n'kumene kudandigonjetsa. Mbedza ya kwathu timaimangirira kamwala kapena kachitsulo, ndipo kulemera kwa kanthuko n'kumene kumakoka chingwe. Koma nthenga ilibe kulemera. Ngakhale munthu wamphamvu chotani sangaiponye kutali. Pa uwedzi uwu cholemera ndi chingwe chenichenicho, ndipo ndicho chimanyamula nyambo. Woponya amakweza ndodo mofulumira kuti chingwe chiuluke kupita kumbuyo, kenaka amaimitsa dzanja. Amadikira kanthawi kochepa kuti chingwe chonse chiwongoke kumbuyoko ndi kuikoka ndodo kuti ipindike pang'ono. Apo mpamene amakankha kutsogolo, chingwe n'kutambasuka pamwamba pa madzi, nthenga n'kutera mwakachetechete.

Ine kanthawi kodikirako kankandikanika. Chingwe chikangopita kumbuyo, mtima unkandiuza kuti chigwera pansi, choncho ndinkachibweza msangamsanga ndi mphamvu zanga zonse. Chinkalira ngati chikwapu cha woyendetsa ngolo. Kawiri konse nthenga idaduka n'kutayika m'maudzu, ndipo kachitatu chingwe chidaunjikana pamapazi panga. Atsibweni adamanga nthenga ina mosadandaula, ngakhale kuti iliyonse idawatengera nthawi yaitali kuti aipange.

"Ukuthamangira chiyani, mphwanga?" adandifunsa. "Chingwe chiyambe chawongoka kumbuyo. Ukachibweza chikadali chopindika, chilibe mphamvu yopitira kutsogolo."

Adaima kumbuyo kwanga, nagwira dzanja langa pamodzi ndi ndodo. Tidakweza, tidaima. Pa kuimako ndidamva chinthu chimene ndidali ndisanachimvepo: chingwe chikukoka pang'onopang'ono nsonga ya ndodo. Tidakankha mopanda mphamvu yambiri, ndipo chingwe chidapita kutali kuposa maulendo onse amene ndidalimbana nacho ndekha.

Tsiku limenelo ine sindidaphe nsomba. Atsibweni adakola imodzi chakumadzulo, yotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. Idadumpha m'mwamba kawiri, iwo n'kumailekerera chingwe ikathawa, chifukwa kansonga komangirira nyambo n'kopyapyala ngati tsitsi ndipo kukoka mwaukali kukadakadula. Itatopa adaikokera pafupi, adanyowetsa manja asanaigwire kuti asaichotse chinyezi choterera chimene chimaiteteza ku matenda, adachotsa mbedza, naibwezera m'madzi. Ine mwana wa ku Chilwa ndidaona ngati ataya ndiwo, koma iwo adati m'damumo nsomba zidachepa kusiyana ndi kale.

Potsika phiri sadatchule dzina la Johannesburg ngakhale kamodzi. Adangofunsa kuti, "Kodi ndalama za mkulu uja watenga kale?" Ndidayankha kuti ayi. "Basi, dikira mvula igwe, tilime kaye," adatero. Sindidavomere pakamwa, koma m'mawa mwake sindidapite kwa wokongoza uja. Chaka chimenecho ndidalima, ndidayambanso kupita kumsika ndi kumaliro, ndipo ndidapirira mafunso a anthu kufikira atatopa okha. Patapita chaka ndidapemphedwa kuti ndiziphunzitsa kalasi ya akatekumeni, ntchito imene ndikugwira mpaka lero.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli pa kanthawi kodikira komweko. Wina mayeso a MSCE sadayende bwino, wina chibwenzi chatha ukwati utalengezedwa kale, wina satifiketi ili m'chikwama chaka chachitatu ntchito osaoneka. Sindikunena kuti kupita kunja n'kulakwa; alipo amene adapita atakonzeka ndipo akuthandiza makolo awo. Ndikunena za ulendo umene munthu amauyamba chifukwa cha manyazi, zakumbuyo zisanawongoke: asanalankhule ndi makolo, asanavomereze chimene chalephereka, asanawerenge kuti ngongoleyo adzaibweza bwanji. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanasaine pepala lililonse sabata ino, pezani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, mumuuze zonse, ndipo mumulole agwire dzanja lanu pa kanthawi koimako.

Ndikufunirani sabata yabwino nonse.