Dzimbiri Silibisika ndi Penti



Pakhomo pathu tilipo ana awiri amene tikuphunzira pasukulu ino. Fizi yathu imachokera pa pikapu yakale ya dizilo imene Ababa amanyamulira mpunga ndi nandolo kuchokera ku Ntaja, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka kukafika ku Balaka. Galimotoyo ikangogona sabata imodzi, ifenso tulo sitipeza, chifukwa timadziwa kuti tsiku lolipira fizi silidikira.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, pikapu ija inatitimira m'matope pafupi ndi dambo ndipo inakhala momwemo masiku angapo. Ataikoka, Ababa anasintha oyilo ndi mafyuluta, injini n'kulira. Koma patapita miyezi, tikatsegula boneti tinkaona zitsulo zafiira: chivindikiro cha pamwamba pa injini, thireyi ya batire, zitsulo zogwirizira alitaneta ndiponso paipi ya ekizozi. Dzimbiri linali litayamba kudya.

Tchuthi cha Ogasiti chitafika, tinaganiza zowadabwitsa Ababa. Tinasonkha ndalama zimene tinkasunga, zokwana kugula makope a teremu yonse, n'kukagula zitini ziwiri za penti yopopera ya siliva pa Liwonde. Masana dzuwa lili paliwombo, tinapukuta zitsulo ndi kansalu, n'kupopera mpaka penti ikuchucha. Injini inawala ngati yatsopano. Ababa anangoyang'ana n'kunena kuti, "Mwayesetsa ana anga. Tiione ikabwera ku Balaka."

Inangopita maulendo awiri. Penti ya pa ekizozi inapsa n'kununkha, ya pa chivindikiro inatupa matuza n'kuyamba kusenda ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake dzimbiri linali lili pompo. Ndalama zapita, makope palibe.

Amene anatitsegula maso ndi amjomba athu, makaniko wa ku Ulongwe. Atabwera Loweruka lina sanatikalipire. Anatenga sikuludilaiva, n'kupala penti pachitsulo chogwirizira alitaneta, kenako anatiitana. "Tabwerani muone chimene mwakwirira." Panali mng'alu wautali ngati chala. Chitsulocho chikanathyoka pamsewu, lamba akanachoka, batire n'kusiya kutchaja, Ababa n'kugona m'njira ndi katundu wa eni. Choopsa china n'chakuti nthawi imeneyo panali munthu wina amene ankafuna kugula galimotoyo. Akanaona injini yonyezimira, osadziwa za mng'aluwo. Ababa atamva, anati galimoto yawo sidzagulitsidwa ndi chilema chobisa. Chitsulocho chinapita kaye kowotcherera.

Kenako amjomba anatiyambitsa ntchito mwatsopano, ndipo tikulemba mmene inayendera kuti wina asataye ndalama ngati ife.

Poyamba anachotsa waya wa batire, n'kumasula chilichonse chofunika penti. Anati chitsulo sachipenta chili pa injini, chifukwa penti imagwera pa mawaya, pa malamba ndi pa mapaipi a labala. Tsiku lonse loyamba linathera kutsuka. Tinasungunula girisi ndi parafini, kenako n'kutsuka ndi madzi otentha a sopo waufa, chifukwa parafini nayenso amasiya mafuta. Penti yakale ndi dzimbiri tinazichotsa ndi bulashi ya waya, n'kukhula ndi sandipepala wokhakhala wa nambala 80, kumalizira ndi wosalala wa 320. Chitsulo chitayera tinachipukuta ndi thina, ndipo kuyambira pamenepo anatiletsa kuchigwira ndi manja, poti thukuta la m'zala limalepheretsa penti kumata.

Apa m'pamene tinakumbukira phunziro la Chemistry la misomali itatu: wina m'madzi ndi mpweya, wina m'madzi owiritsa othiridwa mafuta pamwamba, wina mu mpweya wouma. Umene umachita dzimbiri ndi woyamba wokha, chifukwa chitsulo chimafuna madzi ndi okosijeni pamodzi kuti chiwonongeke. Ntchito ya penti ndi kutsekereza ziwirizi. Ukapenta pamwamba pa dzimbiri, chinyezi watsekera m'kati, ndipo chimapitiriza kudya mwakachetechete.

Chachiwiri chinali kusankha penti. Amjomba anatiwerengetsa zolembedwa pachitini. Imene tinagula ife inali yopentera mageti ndi mipando, yosapirira moto. Penti ya injini nthawi zambiri imalembedwa kuti imapirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 260, pamene ya ekizozi imafika madigiri 600 kapena kuposa. Pa thireyi ya batire ndi zogwirizira tinayamba ndi penti yapansi yoteteza dzimbiri imene amaitcha pulaima. Pa ekizozi sitinaike pulaima wamba, chifukwa akanapsa. Malo okhala gasiketi, mabowo a mabawuti ndi m'kati mwa chivindikiro tinamata tepi ndi nyuzipepala. Penti ikalowa m'kati imasenda n'kusakanikirana ndi oyilo.

Chachitatu chinali nthawi ndi malo. Kuno kwathu kumatentha, ndipo chitsulo chikakhala padzuwa penti imauma isanagwire. Masana kumakhalanso kamvuluvulu wonyamula fumbi. Choncho tinapachika zitsulo ndi waya pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khitchini, n'kuwaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Tinayamba m'mawa mame atangouma. Aliyense anavala masiki, ndipo ana ang'onoang'ono tinawathamangitsa, chifukwa mpweya wa pentiyo umapweteka m'chifuwa ndiponso umayaka ukakumana ndi moto.

Chitini tinachikhutchumula mphindi ziwiri zathunthu. Popopera, dzanja limakhala masentimita 25 kuchokera pachitsulo, likuyenda osaima. Ulendo woyamba penti inali yopyapyala moti chitsulo chinkaonekabe. Mtima unkafuna kuwonjezera, koma amjomba anati, "Iyayi, dikirani. Kuthamanga n'kumene kunakupwetekani." Tinadikira mphindi 10 kapena 15, n'kupoperanso, mpaka katatu. Zitini zitatha anatichenjeza kuti tisaziboole kapena kuziponya pamoto, chifukwa zimaphulika.

Zitsulo zinakhala zopachika masiku atatu, pamene Ababa ankakonza mabuleki. Zitabwerera pa injini, sanainyamulitse katundu nthawi yomweyo. Penti ya ekizozi imalimba ndi kutentha kokwera pang'onopang'ono, choncho analiza injini mphindi 10 n'kuizimitsa kuti izizire, kenako mphindi 20, n'kuizimitsanso. Utsi pang'ono unatuluka, koma amjomba anati ndi mmene imakhwimira.

Titawerengera, kupopera kwenikweniko sikunakwane ola limodzi. Kutsuka, kukhula ndi kudikira n'kumene kunatenga masiku anayi. Manja athu anachita matuza, zikhadabo zinada sabata yathunthu, ndipo teremu imeneyo tinayamba ndi makope ogawana pakati.

Padutsa tsopano nyengo ziwiri za mvula. Pikapu ija sinagulitsidwe, ikuyendabe pakati pa Ntaja ndi Balaka. Penti sikunyezimira ngati ya ulendo woyamba ija, koma sinasende, ndipo oyilo akayamba kudontha pena pake Ababa amaona msanga chifukwa injini ndi yoyera. Alhamdulillah, fizi ikulipiridwa.

Kwa anzathu amene kwanu kuli njinga yamoto ya kabaza, injini ya chigayo kapena pampu yothiririra, tikuti musanagule chitini, gulani kaye sandipepala, ndipo itanani wodziwa aone chitsulocho chili chopala. Kwa makolo ndi a komiti, pempho lathu ndi lakuti mutipezereko Loweruka limodzi pa teremu loti amakaniko ndi owotcherera a m'dera lino adzatiphunzitse ntchito zamanja pasukulu pano. Bulashi ya waya tili nayo kale, tidzabwera nayo.