Ulendo wosathamanga

Ife Amalawi okhala kuno ku Joni tinazolowera ulendo wa mtundu umodzi: basi yodzaza katundu, mzere wa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, n'kukafika kumudzi miyendo itatupa. Mtima wanga ukufuna ulendo wina, woyenda mwachifatse, woima paliponse pamene pandisangalatsa.

Kuchoka kuno ku Menlo Park m'mbandakucha pa msewu wa N1, kudutsa Bloemfontein, kukagona ku Colesberg. M'mawa mwake kupatukira pa N9 mpaka ku Graaff-Reinet, tawuni yakale yomwe inakhazikitsidwa mu 1786. Kumeneko sindidzafulumira ayi. Valley of Desolation imafunika kuiona dzuwa likulowa, miyala yake italiitali itafiira psuu, chigwa chonse cha Karoo chili pansi pako. Kenako ku Oudtshoorn kwa alimi a nthiwatiwa, n'kutsetsereka mapiri a Outeniqua kukafika ku George.

Zikatero ndiye kutsata gombe: Knysna, Plettenberg Bay, mpaka pa mlatho wolendewera wa pa Storms River. Anzanga a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, musayembekezere madzi ofunda ngati a nyanja yathu, awa ndi ozizira komanso amchere.

Mu Disembala ayi, malo ogona amakwera mtengo ndipo misewu imadzaza. February ali bwino, ana atabwerera kusukulu.

M'galimoto muli malo. Amene mukufuna kuti tisonkherane za mafuta ndi za pa tollgate, ndilembereni uthenga tiyambe kusunga ndalama panopa.