Mankhwala Awiri m'Thupi Limodzi

Pali dandaulo limodzi limene ndalimva kawiri kawiri pakati pa anthu a kwathu kuno ku Nkhotakota, pa madooko a asodzi, m'minda ya mpunga, ngakhale pabwalo titaturuka m'mapemphero. Anthu ati, Ana aja obvala zoyera amene ali kuphunzira unamwino acedwetsa odwala. Munthu wafika mutu uli kuwawa, ndipo m'malo mwa kumpatsa mankhwala msanga, mwana wamng'ono ayamba kumfunsa ngati woweruza mlandu: Mwadya ciani lero, agogo? Muli kumwa mankhwala ena? Mumwa mowa? Kodi muli ndi pakati, amai? Ena apsa nazo mtima, nati nkusowa ulemu kuti mtsikana wosakwatiwa afunse munthu wamkuru za mowa wace ndi za mkodzo wace. Ine ndakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndipo ena mwa ana amenewa anapita m'manja mwanga akali kuphunzira kugwira pensulo. Cifukwa cace ndifuna kuwanenera mau pang'ono, pakuti iwo eni sangathe kudzikanira pamaso pa akuru.

Anyamata ndi atsikana athu aphunzira nchito imeneyi ku Nkhoma, ku St Luke's ku Malosa, ku Ekwendeni, ku St John's ku Mzuzu, ndi ku masukulu ena; ndipo pakati pa maphunziro ao awatumiza m'zipatala kukazolowera nchito pansi pa anamwino okhwima. Mmodzi wa iwo, amene ndinamphunzitsa kale, anandionetsa buku lace pamene anadza kudzapumula kwao. Pa tsamba liri lonse analemba dzina la mankhwala amodzi, ndi pansi pace mizere inai: nthenda imene aciritsa, muyeso wace, mankhwala ena amene sayanjana nao, ndi zizindikiro zimene namwino ayenera kudikira mwa wodwala atamwa. Mzere woyamba unali waufupi ndithu. Wacitatu ndi wacinai ndiyo inadzaza tsamba. Ndinamfunsa cifukwa cace, ndipo anati, Aphunzitsi, kudziwa kuti mankhwala awa nga malungo angathe ndi wogulitsa pa msika yemwe. Ife atiphunzitsa kudziwa tsiku limene mankhwala omwewo angaphe munthu.

Nzeru imeneyi siinayambe lero pa nyanja yathu. Pamene Dr Robert Howard anafika ku mishoni ya U.M.C.A. m'caka ca 1899, anapeza amishoni ambiri ali kufa ndi malungo, ndi nthenda ija ya mkodzo wakuda. Kwinini analipo kale, koma anthu anali kumwa monga afuna: lero wambiri pomva thupi kutentha, mawa kuleka. Dotoloyo anaika lamulo la kumwa kwinini mwa muyeso ndi pa nthawi yace, ndi kugona m'masikito, ndipo imfa zinacepa. Mankhwala anali omwe aja. Cimene cinasintha ndico kamwedwe kace.

Tsono taonani mankhwala a malungo amene tiri kumwa masiku ano. Dziko lathu linasiya chloroquine m'1993, ndipo linali loyamba m'Africa kutero, cifukwa tizirombo ta malungo tinaleka kumuopa. Linatenga SP, amene ambiri amucha Fansidar, ndipo m'2007 linatenga LA. Munthu wamkuru amwa mapiritsi 24 a LA, anai anai kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo kumwa kwaciwiri kudza atapita maora 8. Koma LA salowa bwino m'mwazi ngati m'mimba mulibe cakudya ca mafuta. Ife a ku nyanja cakudya cathu ndi kondowole, ndipo wodwala malungo kawiri kawiri akana ndiwo, nangomwa phala loyera la madzi. Apa ndipo namwino afunsira kuti, Mwadya ciani? Afuna kuti muthire nsinjiro m'phalamo, kapena mumwe mkaka, kapena mudye nsomba pang'ono, kuti mankhwala asapite cabe. Ndipo ngati mwana asanza lisanathe theka la ora atamwa, ayenera kumwanso. Amai amene acita manyazi kunena kuti mwana wasanza abwerera kwao ndi mwana wosalandira muyeso wace.

Za likodzo ndidziwa ndi maso anga, pakuti pamene a zaumoyo adza ku sukulu kudzamwetsa ana praziquantel, ife aphunzitsi ndife tiimika ana pa ndodo ija yoyesera msinkhu, imene ionetsa kucuruka kwa mapiritsi oyenera mwana ali yense. Mankhwala amenewa, akagwa m'mimba yopanda kanthu, acititsa cizungulire ndi nseru ndi kupota kwa m'mimba. Caka cina ana angapo anadza osadya, nagwa pansi pa mtengo atamwa, ndipo mbiri inathamanga m'midzi kuti mankhwala a Boma ali ndi ululu. Caka cotsatira makolo ena anabisa ana ao, ndipo ana amenewo anapitirira kukodza mwazi. Mbale imodzi ya phala m'mawa ikadatha kuletsa zonsezi.

Koma cobvuta coposa ndi pamene mankhwala awiri akomana m'thupi limodzi. Tiyeni titenge rifampicin, amene ali mwa mankhwala a cifuwa cacikuru. Ameneyu afulumiza ciwindi pa nchito yace yocotsa mankhwala m'mwazi, kotero kuti mankhwala ena aturuka m'thupi asanagwire nchito yao. Wakumwa rifampicin akamwa praziquantel, likodzo lingathe kutsala. Mai wakumwa mapiritsi olera, kapena woika kolera ka pamkono, angathe kutenga pakati osayembekeza. Ndipo wakumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lathu linayamba kupereka kwa anthu ambiri m'2019, ayenera kuonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir madzulo nthawi yonse imene ali pa mankhwala a cifuwa. Nanga namwino adzadziwa bwanji zimenezi, ngati munthu alandira mankhwala amodzi ku cipatala cina, ndi ena ku cipatala cina, nasunga timabuku tiwiri, naonetsa kamodzi kokha?

Rifampicin yemweyo afiiritsa mkodzo, ndi thukuta, ndi misozi yomwe. Ku mapiri cimeneci cingodabwitsa munthu. Koma kuno, kumene mwana ali yense adziwa kuti mkodzo wofiira ndi likodzo, cisokeretsa. Msodzi wina mnansi wanga anaona cotero, naganiza kuti mankhwala amdzutsira nthenda yacikale, naleka kumwa masabata awiri osauza munthu. Amene anamtulukira ndiye wophunzira unamwino, amene anawerenga mapiritsi otsala m'pepala nati, Bambo, mapiritsi awa acuruka kuposa masiku; tandiuzani, cinakuopsani nciani? Sanamdzudzule konse, ndipo bamboyo anaulula.

Pali kanthu kenanso ka amai apakati. Ku sikelo alandira SP kuti awacinjirize ku malungo. Koma mai amene ali kumwa Bactrim tsiku ndi tsiku cifukwa ca kacirombo ka HIV sayenera kulandira SP, pakuti mankhwala awiriwa nga mtundu umodzi, ndipo akaphatikizana angathe kuturutsa zilonda zoopsya pa khungu, m'kamwa ndi m'maso. Funso limene mai aliyesa lakumlowerera m'zinsinsi zace ndilo limene limpulumutsa ku zilondazo.

Ndidza tsono ku nthenda imene iri yathu yathu, ndiyo kaodzera. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene kuyenda mtsinje wa Bua, idziwa kuluma kwa kashembe. Ndipo mtundu wa kaodzera umene uli kuno ngwacangu, wakupha m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka ngati munthu salandira thandizo. Poyamba afanana ndi malungo, ndipo apa ndipo ambiri atayira nthawi, akumwa LA kawiri katatu thupi losazizira. Zaka zambiri mankhwala ace anali awiri. Nthenda ikali m'mwazi anali kubaya suramin, amene anapangidwa ku Germany zaka zoposa 100 zapitazo. Ndipo cifukwa abvulaza impso, namwino ayamba ndi kamuyeso kakang'ono koyesera, napima mkodzo asanabaye jekeseni ili yonse. Nthenda ikalowa m'bongo anali kubaya melarsoprol, amene anayamba kugwira nchito m'1949, ndipo m'kati mwace muli arsenic, ululu weni weni. Mwa odwala 100 obayidwa mankhwala amenewa, pakati pa 5 ndi 10 atupa bongo cifukwa ca mankhwalawo, ndipo ngati theka la iwo amwalira. Taganizani, abale, nchito ya namwino wokhala pambali pa bedi lotere usiku: ayenera kuona ngati wodwala wayamba kulankhula zosokonezeka, ngati mutu wakula kuwawa, ngati dzanja lanjenjemera, nathamangira kwa dotolo kuti aleke jekeseni yotsatira. Palibe makina amene anali kuona zimenezi m'malo mwace. Ndayesa kuti mwa nchito zonse za m'cipatala imeneyi inali yolemetsa mtima koposa, pakuti popanda mankhwala wodwala adzafa ndithu, ndipo ndi mankhwala angafenso.

Tsopano kwadza mankhwala akumwa ochedwa fexinidazole. Anayesedwa pa cipatala ca Rumphi m'dziko lathu lino ndi ku Lwala ku Uganda kuyambira 2019; akuru oyang'anira mankhwala ku Ulaya anawabvomereza m'December 2023 pa mtundu wathu wa kaodzera, ndipo m'2024 bungwe la World Health Organization linawaika patsogolo kwa odwala a zaka 6 kapena kuposa, olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Ana ocepera pamenepo, ndi odwala osatha kumeza, akali kudalira mankhwala akale aja. Munthu wamkuru amwa mapiritsi atatu tsiku liri lonse masiku 4, ndi mapiritsi awiri masiku 6 otsatira. Ici ncokondweretsa cacikuru, koma asaganize munthu kuti mafunso atha. Fexinidazole afuna cakudya cokwana, amwedwe lisanathe theka la ora munthu atadya. Popanda cakudya safika m'bongo ndi mphamvu yokwana. Sayanjana ndi mowa ngakhale pang'ono. Angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima, makamaka akakomana ndi mankhwala ena ocita comweco. Angathenso kusowetsa tulo ndi kubvunditsa maganizo. Cifukwa cace namwino ayenera kuona ndi maso ace kuti wodwala wadya, nameza, nasunga m'mimba, masiku onse 10. Ndipo mlonda wa wodwala amene abisa kacasu m'cikwama, poyesa kuti acitira cifundo mbale wace, aononga nchito yonseyo.

Za mankhwala a makolo sindinena zambiri, pakuti ndidziwa kuti m'nyumba zambiri muli mphika wa mizu kuseri kwa citseko, ndipo kukalipa kwa m'cipatala ndiko kwaphunzitsa anthu kubisa. Apa ndiwapempha ana athu ophunzira kuti afunse mofatsa ndi motsitsa mau, osati pamaso pa mzere wonse wa anthu. Mkuru amene wacititsidwa manyazi sadzanenanso zoona. Koma inunso akuru nenani. Impso ndi ciwindi siziwerenga kuti ici ncocokera kwa sing'anga, ici ncocokera kwa dotolo. Zisenza zonse pamodzi, ndipo namwino wodziwa zimene mwamwa angathe kuzindikira msanga cifukwa cace maso asanduka acikasu.

Mankhwala akabvuta munthu, pali pepala limene namwino alemba, nalitumiza ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene liyang'anira mankhwala m'dziko muno monga mwa lamulo la 2019. Mapepala otere akacuruka kucokera m'zipatala zambiri, ndipo akuru adziwa kuti mankhwala akuti ali ndi bvuto lakuti, nasintha malangizo. Pa pepalalo alemba dzina la mankhwala, tsiku limene munthu anayamba kumwa, tsiku limene cizindikiro cinaoneka, ndi mankhwala ena onse amene anali kumwa pamodzi. Cifukwa cace popita ku cipatala tengani timabuku tonse, ndi mapepala onse a mapiritsi, ngakhale ogula pa msika, ngakhale otha; ndipo khungu likayamba matuza, kapena m'kamwa mukaturuka zilonda, kapena maso akasanduka acikasu, kapena mkodzo ukacepa, musadikire tsiku limene analemba m'kabuku, bwererani tsiku lomwelo.