Mawati 6 kapena PES 6

Batire ya sola ya kwathu ndi ya 12V, 100Ah. Mukachulukitsa mupeza 1,200Wh, koma batire ya asidi ngati yathuyi siyenera kukamidwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Ndiye zenizeni ndi 600Wh patsiku, dzuwa likawala bwino. Pa 600 imeneyi pamadya anthu ambiri: mababu atatu, mafoni amene amayi amatchajira anthu a m'mudzi n'kupezapo ya mchere ndi sopo, ndi nyale ya mlongo wanga amene akulemba MSCE. Ine ndinabwera pomalizira ndi maloto anga a kabokosi koonetsa mafilimu ndi kusewera magemu akale pa TV imodzi.

Kwathu ndi kumapiri, mukapatuka pa Mponela kulowera ku Ntchisi. Amene mumakudziwa mukudziwanso June ndi July wake. Nkhungu imatsika kuchokera kuphiri la Ntchisi n'kukhala mpaka cha m'ma 10 koloko, panelo ili chete padenga ngati lata wamba. Choncho funso langa silinali lakuti makina amphamvu ndi ati. Linali lakuti ndi ati amene amayi sadzawazula pawaya.

Mtima wanga unali pa kakompyuta ka kaunjika, tija tating'ono tochoka m'maofesi a kunja: Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini, Lenovo ThinkCentre Tiny. Ku Lilongwe timapezeka. Chifukwa chake chinali chimodzi basi, PlayStation 2. Pulogalamu ya PCSX2, imene imachititsa kompyuta kudziyesa PS2, imafuna purosesa yamphamvu ndithu, pakuti kompyutayo imamasulira lamulo lililonse la makina akalewo kupita m'chiyankhulo chake gemu ili mkati, osapuma. Ndipo PS2 kwa ife obadwa kumapeto kwa ma 90 ndi PES 6, ya 2006. Tinkaisewera m'kachisakasa pa tiredingi, kulipira pa gemu, wogonja n'kupereka padi kwa wina. Adriano wa Inter akaponya bomba lake la kumanzere chisakasa chonse chinkaimirira. Zimene ndinkafuna kugula ndi phokoso limenelo, kompyutayo inali njira chabe.

Koma tiyeni tiwerenge. Tchaja ya tikompyuta timeneti nthawi zambiri ndi ya 65W ndipo imatulutsa 19.5V kapena 20V, kutanthauza kuti pafunika inveta, nayonso imadyako yake. Gemu ikatentha kakompyutako kangakoke mawati 40, TV yathu 35, inveta n'kuonjezerapo, tafika cha m'ma 90. Maola atatu madzulo, 270Wh yapita. Pafupifupi theka la chakudya cha nyumba yonse, kuti anyamata awiri athamangitse Adriano.

Tima Android box totchipa tija sindinachedwe nato. Tina timalemba 4K ndi memori yaikulu pakatoni, mkati muli zina. Ngati mwapeza ka tchipi cha Amlogic, EmuELEC imayendamo bwino, koma wogulitsa sangakuloleni kutsegula bokosi musanalipire.

Ndinatsala ndi Raspberry Pi. Yatsopano, Pi 5 ya 2023, ndi yothamanga, koma imafuna tchaja ya 27W ndi fani, ndipo opanga anachotsamo kachigawo kotsegula mafilimu a H.264, ntchitoyo imagwera purosesa. Kwa ife zimenezi si nkhani yaing'ono. Mafilimu athu sitiwaonera pa intaneti, bandulo yake ndani angaikwanitse. Timakabenetsa pa fulashi kwa anyamata obena nyimbo, ndipo ambiri amakhala a H.264 omwewo, ena omasuliridwa m'Chichewa momwe womasulira amayankhulira aliyense, kuphatikizapo galu. Pi 4 ya 2019 imawatsegula mosavutikira, imakoka mawati 6 kapena kucheperapo, ndipo 5V yake mungaitenge pa batire kudzera pa kotsitsira magetsi konga tchaja ya m'galimoto, kongotha kupereka 3A. Inveta palibe. TV yathu ndi ya 12V kale. Zonse pamodzi mawati 41, maola atatu 123Wh.

Kusiyana kwake ndi pafupifupi 150Wh usiku uliwonse. Babu la 5W la mlongo wanga lingayake maola 30 pa magetsi amenewo. Nditamuonetsa masamuwa anangoti, "Achimwene, ndiye mukufunsanso chiyani?" n'kubwerera ku Biology yake.

Pi 4 siingathe PS2, zimenezo musanamizidwe ndi aliyense. Imatha PlayStation yoyamba ya 1994, Sega Mega Drive, Super Nintendo, ndi magemu onse a timakatiriji tachikasu tija tinkalonjeza 9999 in 1 pamene muli magemu asanu obwerezabwereza. PES 6 ndinaisiya ndi chisoni ndithu, sindibisa. Chinanditonthoza ndi Winning Eleven 2002 ya PS1, imene aliyense wanzeru amadziwa kuti Roberto Carlos umamuchotsa kumbuyo n'kumuika kutsogolo. Osewera ake ndi amakonamakona ngati osemedwa ndi nkhwangwa, koma mpira wake ndi wokoma.

Kuipeza ndiye inali ntchito. Pi 4 inatuluka pa mtengo wa madola 35, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse inayamba kuluma. Ndinagulitsa soya wa gawo langa la munda, msuweni wanga wa ku Johannesburg n'kundigulira ya 2GB, nabwera nayo wa basi pamodzi ndi katundu wa anthu. Ndinamuuza kawiri konse kuti asaiwale waya wa micro-HDMI, pakuti wa HDMI wamba salowa, ndipo pa Mponela mungaufune tsiku lonse. Chikesi ndinasankha cha aluminiyamu chopanda fani. Fumbi la October kuno limalowa ngakhale m'poto wovundikira, fani ingakhale ikuliitanira mkati.

Pa memori khadi ndinaikapo Batocera. Imabwera ndi Kodi ya mafilimu mkati momwemo, ndipo mafayilo ake oyendetsera makina salembedwapo kanthu ikamagwira ntchito, choncho wina akakoka waya mwangozi si kawirikawiri kuti zonse zionongeke. M'nyumba ya ana ndi nkhuku zimenezi n'zofunika kuposa liwiro. Mapadi ndi a USB a waya, otchipa, akafa sindilira.

Lamulo anaika ndi amayi: TV imayaka mafoni a anthu akadzaza, ndipo kontirola ikaonetsa kuti batire yatsika, zonse zithime kupatula babu la wophunzira. Mu July tinakhala masiku anayi otsatizana osayatsa.

Amene sindinawayembekezere ndi amalume. Anabwera kudzatchajitsa foni Loweruka lina, napeza ana ali pa Contra. Anaima pakhomo kwa kanthawi, kenako anati, "Iwe mphwanga, tabweretsa kuno chimenecho." Akuti ankaisewera ali ku Kasungu pa esiteti ya fodya, kunyumba kwa kapitawo. Zala zawo zinakumbukira zokha mabatani opatsa miyoyo 30, ana n'kuyamba kuwayang'ana ngati mfiti. Foni yawo inadzaza 5 koloko, iwo anachoka 8 koloko, amayi atawaloza kontirola kachiwiri.