Masitepe a Kuseri

Tauni ya Stamford, ku Lincolnshire m'dziko la England, inapulumuka chifukwa chotsalira. Kale ngolo za akavalo zochoka ku London kupita ku York zinkaima kuno, pa msewu wa Great North Road, ndipo amalonda atalemera anamanga nyumba zosanja zamiyala. Njanji yaikulu itabwera cha m'ma 1850, inadzera ku Peterborough. Ndalama zinatsata njanjiyo, choncho panalibenso wogumula zakale kuti amange zatsopano. Mu 1967 Stamford inakhala dera loyamba ku England kutetezedwa ndi lamulo chifukwa cha nyumba zake zamakedzana.

Imodzi mwa nyumbazi, ya m'zaka za m'ma 1700, tsopano ili pamalonda. Ndimaidziwa bwino, pakuti ndinasamalira gogo amene anali mwini wake kufikira tsiku lomwe anatisiya. Amene anaigula pambuyo pake aikonza mwaluso, ndipo ndikuwayamikira. Anagoba simenti yomwe ena anamata pakati pa miyala n'kubwezeramo laimu, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'khoma mpaka mwala umayamba kufumbutuka. Denga anafolera ndi miyala yopyapyala ya ku Collyweston, mudzi wapafupi. Zenera limodzi lotsekedwa ndi miyala alisiya momwemo. Gogo ankati makolo analitseka pothawa msonkho wa mazenera, umene unkakhomedwa kuyambira 1696 mpaka 1851. Ntchito yonseyi inadikira chilolezo cha khonsolo.

Koma ndikawerenga chikalata chotsatsira malonda, mtima umandiwawa. Khitchini yapansi, momwe antchito ankaphikira, akuitchula kuti mosungira vinyo. Kachipinda ka kudenga, komwe mtsikana wantchito ankagona, kasanduka ofesi. Mabelu oitanira antchito akadali pakhoma, owala bwino, ngati zokongoletsa. Za masitepe a kuseri, opapatiza ndi otsetsereka, sanalembepo kanthu.

Ine ndi masitepe amenewo timadziwana. Ndinkakwera ndi madzi osamba, n'kutsika ndi zofunda zonyowa. Matabwa ake anadyeka pakati, ndipo phazi langa linkalowa bwino pomwe mapazi a atsikana onyamula malasha anakumba. Kwathu ku Zomba, nyumba za atsamunda zili ndi boyizikota kuseri. Agogo anga aamuna anakalambira mu imodzi, akuphikira bwana. Nyumba zazikulu, kuno ndi kwathu komwe, zinaima chifukwa cha anthu olowera kukhomo lakumbuyo.

Lero tauniyi ikufunabe manja: osamalira okalamba, okolopa, onyamula katundu pamsika wa Lachisanu mu Broad Street. Ine ndi anzanga ambiri timachita lendi ku Peterborough n'kumakwera sitima m'mamawa, chifukwa malipiro athu sangatipezere chipinda kuno. Mtsikana wakale uja, ngakhale ankazizidwa, ankagona pansi pa denga lomwe ankalitumikira. Ife lamulo lateteza miyala, koma latisiya panja.

Sindikufuna kuti nyumbayi igwe. Ndikufuna ipeze mwini woikonda, wodziwa kuti laimu amafuna chipiriro. Pempho langa kwa iyeyo n'laling'ono: masitepe a kuseri asawapale, asawayale kapeti. Amene anawaponda sanasiye zithunzi pakhoma, ndipo mayina awo sali pa zikalata za nyumbayi. Chomwe anasiya ndi maenje a m'matabwamo basi.