Chidole Cholankhula ndi Chidole Cholankhulitsa

Amayi anzanga, sabata ino ndati tikambirane za zidole za ana aang'ono, ndipo ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga.

Mdzukulu wanga atakwanitsa chaka chimodzi, bambo wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg anamtumizira chidole chodula ndithu. Chinali ndi mabatani amitundumitundu. Ukadina, chinkayaka nyali, kuimba nyimbo ndi kutchula zilembo m'Chingerezi. Ine ndi mpongozi wanga tinakondwa kwambiri, tinati basi mphunzitsi waloŵa m'nyumba. Mwanayo tinkamkhazika pamkeka ndi chidole chake, ife nkumagwira ntchito zathu mtima uli m'malo, pakuti phokoso lake linkamveka mpaka kukhitchini.

Miyezi inapita. Mwana anafika chaka ndi miyezi 10 asanatchule mawu oposa atatu. Akafuna madzi ankangoloza ndowa nkuyamba kulira. Anthu sanasoŵe chonena: ena amati ana aamuna amachedwa, ena amati lilime lamangika tikalidule, ena amanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Mayi wake anayamba kusoŵa tulo.

Tinapita naye kusikelo. Anamwino anayamba ndi kumuyang'ana m'makutu, chifukwa mwana wosamva bwino sangathe kutsanzira mawu. Makutu anali bwinobwino. Kenaka anatifunsa kuti, "Kodi tsiku lonse amacheza ndi yani mwanayu?" Tinangoyang'anana. Yankho loona linali lakuti amacheza ndi chidole.

Tsiku limenelo ndinaphunzira chinthu chimene makolo athu ankachichita popanda kuchitchula dzina. Mwana amaphunzira kulankhula mwa kusinthana mawu ndi munthu. Iye aloza mbale nati "ba", inu muyankha kuti, "Eya, mbale! Mbale ya phala." Mawuwo amamloŵa chifukwa afika panthaŵi yomwe maso ake ali pambalepo. Chidole cha mabatire sichiona chimene mwana akuyang'ana, ndipo sichidikira kuti iye ayankhe. Choipa china nchakuti chimatitseka pakamwa ife akuluakulu. M'chaka cha 2016 katswiri wina wa ku America, Anna Sosa, anafalitsa zimene anapeza atamvetsera makolo 26 akuseŵera ndi ana awo a miyezi 10 mpaka 16. Poseŵera ndi zidole zamagetsi, makolo ankalankhula mawu ochepa ndipo kuyankhana kunkachepa; poseŵera ndi zidole wamba mawu ankachuluka, ndipo ankachuluka koposa akatenga buku la zithunzi.

Tsono mukafuna kugula kapena kupanga chidole, dzifunseni funso limodzi: kodi chimenechi chitipatsa nkhani yokambirana, ine ndi mwana wanga?

Choyamba chimene ndinampangira mdzukulu wanga chinali chidole cha chitsononkho, chokulunga m'kansalu kotsala kwa atelala. Musaseke kuti ndi mwamuna. Nayenso adzakhala bambo. Tinkachibereka, kuchisambitsa, kuchidyetsa ndi kuchigoneka, ndipo pochita zimenezi tinkatchula mutu, mimba, miyendo, kulira, kugona, kudzuka. Mawu a ntchito ngati ameneŵa ndiwo amathandiza mwana kuyamba kulumikiza mawu aŵiri.

Kenaka ndinampatsa ziŵiya za masanje: kamphika kakale, chipande, mthiko ndi makapu apulasitiki osiyana kukula. Pamenepa mumatuluka mawu monga thira, vundula, tsegula, tseka, mkati, panja, chachikulu, chaching'ono. Mpira wa nsanza nawo ngwabwino, chifukwa umaphunzitsa kudikira: "Ponya! Gwira! Tsopano ine." Kucheza kwa anthu kumayenda chimodzimodzi, wina alankhula, wina amvetsera. Ng'ombe ndi mbuzi zoumba ndi dothi zimamzoloŵeza kutsanzira kulira kwa ziŵeto, komwe nkosavuta kwa kamwa yanthete. Buku la zithunzi mungathe kulipanga nokha: dulani zithunzi za pakalendala yakale, muzimate pamakatoni ndi phala la ufa wa chinangwa, nkusoka ndi ulusi. Simufunika kudziŵa kuŵerenga; lozani, tchulani, ndipo muzimpatsa mpata kuti nayenso ayese.

Wina angati zimenezi nzaumphaŵi. Ayi ndithu. Mu 1986 ndi 1987 ku Kingston, m'dziko la Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba kutumiza alangizi a zaumoyo kumakomo a ana opinimbira kamodzi pasabata kwa zaka ziŵiri. Alangiziwo ankaphunzitsa amayi kuseŵera ndi kulankhula ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga pamanja. Patapita zaka pafupifupi 20, anawo atakula, anapezeka kuti akulandira ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. M'mera mpoyamba, amayi anzanga.

Chenjeraninso ndi zoopsa. Mwana wa msinkhu umenewu chilichonse amaika mkamwa, choncho mikanda, ndalama zachitsulo, nyemba ndi zitsekerero za mabotolo zikhale patali. Mabatire aang'ono ozungulira onga batani, amene amapezeka m'zidole zambiri zamsika, akamezedwa amawotcha kummero m'maola ochepa okha. Zikatere thamangirani kuchipatala osazengereza. Galimoto yamawaya muisungire akulu ake, pakuti waya sachedwa kulasa diso. Foni nayonso si chidole cha khanda: mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Sindikunena kuti chitsononkho ndi mankhwala. Ngati mwana wanu wafika zaka 2 osalumikiza mawu aŵiri monga "amama madzi", ngati satembenuka mukamuitana, ngati akutuluka mafinya m'khutu, kapena waleka kutchula mawu amene ankawatchula kale, musamvere zakuti adzalankhula yekha. Pitani naye kusikelo akamuone.

Kwathu chidole cha ku Johannesburg tinachichotsa mabatire, ndipo bambo wake titamfotokozera sanakhumudwe. Ulendo wotsatira anabweretsa buku la zithunzi. Patapita miyezi itatu, tsiku lina madzulo ndikusankha nyemba pakhonde, mdzukulu wanga anabwera chitsononkho chake chili kumsana. Ndinatsokomola, iye nkundikoka chitenje, nkunena chapansipansi kuti, "Agogo, mwana wagona." Mayi wake anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja, misozi ili m'maso.

Tsono lero, musanakolezere moto wamadzulo, khalani pamkeka kamphindi ndi mwana wanu. Tengani chikho ndi supuni, muone chimene iye ayamba kuyang'ana, muchitchule dzina, kenaka mukhale chete mumve yankho lake.