Kumene Sitima Imasintha Magudumu

Ambiri a inu mudakwerapo sitima ya pamtunda, koma sitikhulupirira kuti alipo amene adamvapo za sitima yovula magudumu ake ndi kuvala ena. Ife tidakumana nazo m'chaka cha 2019, pa ulendo wochokera ku Beijing kumka ku Ulaanbaatar, likulu la dziko la Mongolia. Tidanyamuka m'maŵa, ndipo kutada tidafika pa Erenhot, tauni yotsiriza ya China. Pamenepo tidaima maola angapo, pakuti njanji ya ku China ndi yotakata mamilimita 1,435, pamene ya ku Mongolia, imene idayalidwa ndi thandizo la Soviet Union, ndi ya mamilimita 1,520. Chotero amaloŵetsa mabogi m'chinyumba chachikulu, nawakweza ndi majeke, nachotsa magudumu onse, naikapo ena. Ife tidangodandaula za tulo. Tidadzamva pambuyo pake kuti mamilimita 85 amenewo adakanganitsa aphungu a nyumba ya malamulo zaka zambiri. Ena ankati njanji yofanana ndi ya China ingachepetse mtengo wotumizira malasha. Ena ankati imeneyo ingakhale khomo lopanda chitseko.

Kutacha tidali m'chipululu cha Gobi, mopanda mtengo ndi umodzi womwe, ngamira zikudya patali. Dzikoli ndi lalikulu kuposa Malaŵi pafupifupi ka 13, koma anthu ake ndi 3.5 miliyoni chabe. Kusoŵa nyanja ya mchere ife tikukudziŵa. Koma anzathuŵa ali ndi anansi aŵiri okha, Russia kumpoto ndi China kumwera, ndipo palibe njira yotulukira, ngakhale ya mumlengalenga, yosadzera kwa mmodzi wa iwo.

Tsiku lachiŵiri tidaoloka mtsinje wa Tuul ndi kukwera phiri la Zaisan, kumene kuli chikumbutso cha asilikali a Soviet Union. Zithunzi za pakhoma zimakumbutsa ubale wa maiko aŵiriŵa, ndi nkhondo ya ku Khalkhin Gol ya 1939, pamene adathamangitsa limodzi asilikali a Japan. Ubalewo sudali wabodza. Mongolia idali pansi pa mafumu a China mpaka 1911, ndipo popanda mphamvu za Moscow mu 1921 mwina lero bwenzi ili chigawo cha China. Koma zilipo zimene khomalo silinena. Kuyambira 1937 mpaka 1939, boma la chikomyunizimu lidapha anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo ansembe a Chibuda, ndi kugwetsa nyumba zawo zopembedzera mazanamazana. Ngakhale zilembo za makolo zidasiyidwa, ana nayamba kulemba ndi zilembo za Chirasha.

Mu Marichi 1990 achinyamata adakhala pansi pa bwalo la Sükhbaatar, nakana kudya. Mtsogoleri wa chipani, a Jambyn Batmönkh, adakana kugwiritsa ntchito mfuti, ndipo iwo ndi anzawo adatula pansi maudindo. Pofika 1992 asilikali otsiriza a Russia adali atachoka, ndipo thandizo la Moscow lidaphwa monga mtsinje wa m'chilimwe. Tsono akadatsamira kuti? Kugwera m'manja mwa China kudali kubwerera kumene makolo awo adathaŵa.

Nzeru imene adaipeza amaitcha mnansi wachitatu. Mawuŵa adayamba kumveka pamene nduna ya za kunja ya America, a James Baker, idafika kumeneko mu Ogasiti 1990. Mnansi ameneyu sakhala pamalire. Ndi dziko lililonse lakutali lofuna ubwenzi. Tidamuona ndi maso m'misewu: magalimoto a Toyota Prius ochokera ku Japan ali ponseponse, masitolo a ku South Korea ali m'makona. Mgodi waukulu wa kopa wa Oyu Tolgoi ukuyendetsedwa ndi kampani ya Rio Tinto, boma lili ndi magawo 34 pa 100. Bwalo latsopano la ndege, limene lidatsegulidwa mu 2021, lidamangidwa ndi ngongole ya ku Japan. Asilikali a Mongolia adapita ku Iraq mu 2003, ndipo atumikira m'gulu losungitsa mtendere la United Nations ku South Sudan. Pulezidenti George W. Bush adadzawathokoza mu 2005, ndipo Papa Francis adawachezera mu 2023.

Komabe mnansi wakutali sabwereketsa moto usiku. Katundu woposa magawo 80 pa 100 amene Mongolia imagulitsa kunja amapita ku China, ndipo mafuta a galimoto pafupifupi onse amachokera ku Russia. Mu Novembala 2016 a Dalai Lama, amene Abuda a kumeneko amawalemekeza koposa, adafika ku Ulaanbaatar. China idakwiya, idaonjezera msonkho pa chipata china cha malire, nkuimitsa zokambirana za ngongole. Mwezi wotsatira nduna ya za kunja idalengeza kuti boma limenelo silidzalolanso ulendo wotere.

Chiyeso china chidadza ife titabwerera kale kwathu. Mu Marichi 2023 khoti la International Criminal Court lidatulutsa chikalata chomangira a Vladimir Putin pa mlandu wochotsa ana ku Ukraine. Mongolia ndi membala wa khotilo, ndipo idalonjeza kumanga aliyense wofunidwa. Mu Seputembala 2024 a Putin adafika kudzakumbukira zaka 85 za Khalkhin Gol, ndipo adawalandira ndi asilikali okwera pa akavalo pa bwalo lomwe lija achinyamata adasalapo kudya. Titamva zimenezi tidakhumudwa, pakuti lonjezo ndi lonjezo, ndipo anaŵo ali ndi makolo. Koma sitidathe kuloza chala msanga. Tidakumbukira mizere ya mahema oyera m'mphepete mwa mzindawo, ndi utsi wa malo opangira magetsi amene amatenthetsa nyumba za anthu. Mneneri wa boma adayankha kuti magawo 95 pa 100 a mafuta ndi oposa 20 pa 100 a magetsi amachokera kwa anansi. Ku Ulaanbaatar, usiku wa mu Januwale, kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro.